Pepala lidatsogola, mfuti idadza pambuyo

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi m'boma la Phalombe pali bwinja la linga lotchedwa Fort Lister. Zatsalapo ndi zipupa zakugwa ndi manda basi, ndipo ambiri odutsa mumsewu wopita ku Nkhulambe sadziwa n'komwe kuti pamalopo padali asilikali. Lingali adamanga ndi Angerezi m'chaka cha 1893.

Chaka chomwecho, kutali kwambiri pakati pa nyanja yamchere ya Pacific, mfumukazi ya zilumba za Hawaii idalandidwa ufumu ndi kagulu ka azungu olima nzimbe ndi amalonda, mothandizidwa ndi asilikali a dziko la America. Patangopita zaka zisanu, zilumbazo zidasanduka gawo la America, ndipo zili choncho mpaka lero.

Wina angafunse kuti za ku Hawaii zikumukhudza bwanji msodzi wa matemba pa Swang'oma kapena mayi wogulitsa nandolo pamsika wa Migowi. Zikumukhudza kaamba koti ana ambiri m'dziko muno amakula akudziwa kuti Angerezi adatenga dera la Nyanja ya Chilwa pofuna kuthetsa malonda a akapolo. Zimenezi n'zoona, koma ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo imaoneka bwino munthu akayang'ana dziko lomwe kudalibe msika wa akapolo koma lidalandidwabe.

Ufumu wa Hawaii sudali wamasewera. Mfumu Kamehameha idalumikiza zilumbazo kukhala dziko limodzi pofika 1810. Mu 1843, maiko a Britain ndi France adasaina chikalata chovomereza kuti Hawaii ndi dziko loima palokha. Kudali nyumba ya malamulo, makhoti, sukulu ndi nyuzipepala za m'chinenero cha eni dziko, ndipo anthu ambiri ankatha kulemba ndi kuwerenga. Malamulo awo a 1852 adaletseratu ukapolo. Nyumba yachifumu ya Iolani mumzinda wa Honolulu idayaka magetsi pomwe nyumba ya mtsogoleri wa America, White House, idali isadawaone. Palibe akadanena kuti anthuwa akufunika wowatsegula m'maso.

Chomwe adali nacho, chomwe chidawaitanira tsoka, ndi nthaka yokondana ndi nzimbe komanso doko labwino la sitima pakati penipeni pa nyanja.

Amishoni a ku America adafika kumeneko mu 1820 ndi Baibulo ndi sukulu, ndipo adalandiridwa ndi manja awiri. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa sadakamuke. Ana ndi adzukulu a ena mwa iwo adakula n'kukhala maloya, alangizi a mfumu ndi eni minda ikuluikulu. Mu 1848 malo adagawidwa n'kuyamba kulembedwa m'kaundula mwachizungu, ndipo mu 1850 padabwera lamulo lolola alendo kugula malo. Anthu wamba, omwe chibadwire chawo sadamvepo zoti munda wa makolo umafuna pepala, ambiri sadalembetse. Pamapeto pa zonse, malo omwe adagwa m'manja mwa anthu wamba sadakwane n'komwe ekala imodzi pa maekala 100 alionse.

Apa n'kuti mfuti isadalire ngakhale kamodzi.

Idadzaoneka mu 1887, pomwe gulu la azungu onyamula zida lidaumiriza Mfumu Kalakaua kusaina malamulo atsopano oichotsera mphamvu zambiri. Malamulowo adapatsa azungu obwera mwayi wovota, pomwe eni dziko ambiri osauka adatsekeredwa kunja posankha aphungu a nyumba yaikulu chifukwa chosakhala ndi chuma chokwanira. Chaka chomwecho America idapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito doko la Pearl Harbor.

Mlongo wake wa mfumuyo, Liliuokalani, adalowa ufumu mu 1891. Mu January 1893 adafuna kubwezeretsa mphamvu kwa eni dziko kudzera m'malamulo ena atsopano. Amuna 13 adapangana zomuchotsa. Kazembe wa America, John L. Stevens, adaitanitsa asilikali 162 kuchokera m'sitima yankhondo ya USS Boston, ati pofuna kuteteza miyoyo ndi katundu wa nzika za America, ndipo adatsikira kumtunda pa 16 January. M'mawa mwake, pa 17 January, kaguluko kadalengeza boma latsopano motsogozedwa ndi Sanford Dole, mwana wa amishoni. Mfumukaziyo, posafuna kuti magazi akhetsedwe, idalemba kuti ikugonjera mphamvu za America mokakamizidwa, ili ndi chikhulupiriro choti akuluakulu a ku Washington akamva zoona zake aibwezera mpando.

Adamvadi. Pulezidenti Grover Cleveland adatumiza James Blount kukafufuza, ndipo mu December 1893 adauza nyumba ya malamulo ya dziko lake kuti zomwe zidachitikazo zidali zolakwika. Adapempha kuti mfumukazi ibwezeredwe ufumu. A Dole adakana, ndipo padalibe amene adawakakamiza. Mu 1895, anthu ena atayesa kuukira boma la azungulo n'kulephera, mfumukaziyo idatsekeredwa m'chipinda cha m'nyumba yake yomwe yachifumu kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Mu 1897 eni dziko oposa 21,000 adasaina chikalata chokana kulowa pansi pa America. Koma mu 1898, America ili pankhondo ndi Spain ndipo ikufunitsitsa doko lija, nyumba ya malamulo ku Washington idangovota, nkhani n'kuthera pomwepo. Hawaii idakhala chigawo cha nambala 50 cha America mu 1959. Mu 1993, patatha zaka 100, Pulezidenti Bill Clinton adasaina chikalata chopepesa. Chikalatacho sichidabweze ngakhale ekala imodzi.

Zilumba zina zoyandikana ndi Africa zidaona zomwezo m'zaka zomwezo. Pa 27 August 1896 sitima za Angerezi zidaphwanya nyumba ya Sultan wa ku Zanzibar pankhondo yomwe siidathe ngakhale ola limodzi, n'kuikapo munthu wakumtima kwawo. Afalansa adatenga Madagascar mu 1896, ndipo chaka chotsatira adapirikitsa Mfumukazi Ranavalona III m'dziko lake.

Nanga kuno ku Chilwa zidayenda bwanji?

David Livingstone adafika m'mbali mwa nyanjayi pa 18 April 1859. Mu 1861 amishoni oyamba adamanga pa Magomero, ndipo ngakhale sadakhalitse, a mpingo wa ku Scotland adatsegula Blantyre mu 1876. Kampani ya African Lakes, yomwe anthu adaitcha Mandala, idatsatira mu 1878. Kenaka kudayamba kufika olima khofi, omwe ankapita kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, n'kubwerako ndi mapepala okhala ndi kamtanda ka mfumu kumunsi. Mfumu inkaona ngati yapatsa mlendo polima, monga mwa mwambo. Pepala linkanena kuti yagulitsa.

Munthu woyenera kumukumbukira pano ndi John Buchanan. Adabwera ngati wosamalira dimba la mishoni ya Blantyre, adasanduka mlimi wa khofi ku Zomba, kenaka adagwirizira udindo woimira boma la Britain. Ndi iyeyu amene mu 1889, Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto akukwera ndi mtsinje wa Shire, adalengeza kuti dera la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mishoni, munda, boma: njira yomwe ija ya banja la a Dole ku Honolulu.

Mkangano weniweni sudali pakati pa Angerezi ndi eni nthaka, koma pakati pa London ndi Lisbon. Mu January 1890 Britain idaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake. Mu May 1891 dziko lonse lino lidalengezedwa kuti lili pansi pa Britain, ndipo pa 11 June 1891 maiko awiriwo adasaina pangano ku Lisbon logawana malire. Mzere wawo udatsata mtsinje wa Ruo, n'kudzera gombe la kum'mawa kwa Nyanja ya Chilwa, n'kulowera ku Chiuta. Msodzi aliyense akudziwa kuti gombe la Chilwa limayenda: nyanjayi idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagona pamatope ouma. Koma olemba panganolo sadafunse msodzi, ndipo panalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi patebulopo.

Ndi cholembera chimenecho, zilumba za Chisi ndi Thongwe zidagwera kwa Angerezi, ndipo abale a mbumba imodzi okhala kutsidya la kum'mawa adadzuka ali anthu a Apwitikizi. Chisi, chomwe lero chili m'boma la Zomba, chidalibe nyumba yachifumu ya magetsi ngati ya ku Honolulu. Koma chidali ndi eni ake, mafumu ake ndi manda a makolo ake. M'zaka za nkhondo za m'ma 1860 ndi pambuyo pake, Anyanja ambiri adathawira pachilumbachi pobisala ogwira akapolo, madzi ndi mabango n'kukhala linga lawo.

Pamenepa mpofunika chilungamo. Mafumu omwe Angerezi adamenyana nawo m'derali sadali oyera m'manja. Kawinga wa kuphiri la Chikala, kumpoto chakumadzulo kwa nyanjayi, pamodzi ndi Matapwiri ndi Mkanda a ku Mulanje, adalemera ndi malonda a minyanga ndi anthu. Mpata womwe padamangidwa Fort Lister udali njira yodutsitsira akapolo, magoli ali m'khosi, ulendo wa ku Quelimane. Palibe munthu wamaganizo abwino angalire kuti njirayo idatsekedwa. Harry Johnston, yemwe adafika mu 1891 ngati mkulu woyamba wa boma lachitsamunda, adadalira asilikali a Chisikhi ochokera ku India ndi ndalama zokwana mapaundi 10,000 pachaka zochokera kukampani ya Cecil Rhodes. Mu 1895 Kawinga adachotsedwa pa Chikala, Matapwiri adagonja, Jalasi adathamangitsidwa ku Mangochi, ndipo Mlozi adapachikidwa ku Karonga. Kwa mayi yemwe ankagona m'mabango ndi ana ake poopa kugwidwa, chimenecho chidali chipulumutso chenicheni, ndipo wokana zimenezi akunyoza misozi ya makolo.

Koma mpulumutsi amadziwika ndi zomwe wachita moto utazima. Chikhala kuti cholinga chidali kuthetsa ukapolo kokha, anthu othawa aja akadatsika m'mapiri ndi m'zilumba n'kukapeza minda yawo ikuwadikira. Zomwe adapeza ndi msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, ndi mapepala. Kuyambira 1892, Johnston adayamba kuunika mapepala a azungu aja n'kupereka zikalata za umwini zotchedwa Certificates of Claim. Woweruza adali iye, wopereka chikalata adali iye yemwe, ndipo mafumu omwe adadinda timitanda adalibe loya. Malo oposa maekala 3 miliyoni m'dziko lonse adalowa m'manja mwa azungu ndi makampani awo. Esiteti ya Magomero yokha, ya banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, idaposa maekala 160,000.

M'zikalatazo mudali ndime yoti midzi yomwe idalipo kale isasokonezedwe. Ndimeyi siinkateteza obwera pambuyo. Ndipo obwera pambuyo adali ambiri: Alomwe omwe kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ankaoloka mzere wa ku Lisbon uja pothawa nkhanza ndi njala za kwa Apwitikizi. Wofikira pa esiteti ankalipira malo okhala ndi thukuta lake. Mawu oti thangata, omwe kale ankatanthauza kuthandizana ntchito pachibale, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Goli la mtengo lidachoka, padabwera la pepala. Mkwiyo womwe udaphulika pa 23 January 1915, anthu a John Chilembwe atapha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa pa Magomero, udafesedwa m'zikalata za 1892. Agogo a mabanja ambiri a ku Phalombe, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo adakulira m'thangata, ndipo kuchepa kwa malo komwe kukusautsa maboma amenewa lero sikudagwe kumwamba.

N'chifukwa chake nkhani ya Fort Lister iyenera kukambidwa yonse. Malowa ali m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dziko lino, ndipo nthambi ya boma yoona za mbiri yakale ingachite bwino kuikapo chikwangwani cha m'Chichewa ndi m'Chilomwe chonena zonse ziwiri: kuti pano padatsekedwa njira ya akapolo, komanso kuti pano padakhazikitsidwa ulamuliro womwe eni nthaka sadaupemphe. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu zoyandikira sayenera kudikira chikwangwanicho kuti apite ndi ana.

Koma nkhani yaikulu si ya zipupa zakugwa. Malawi adalandira ufulu mu 1964, ndipo palibe sitima yankhondo ingayandame pa Chilwa, nyanja yomwe malo ambiri msodzi amayendetsa bwato ndi mponda wansungwi. Zomwe zidakalipo ndi mapepala, ndipo maso a dziko lapansi atembenukiranso kuderali. Paphiri la Songwe m'boma la Phalombe padapezeka miyala yotchedwa rare earths, yofunika popanga maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi zipangizo zina zamakono, ndipo mu July 2024 boma lidasaina pangano la mgodi ndi nthambi ya kampani ya ku Canada ya Mkango Resources. Kuyambira 2023, kampani ya ku Australia ya Chilwa Minerals idayamba kufufuza miyala ya mumchenga wa m'mbali mwa nyanjayi.

Makampaniwa si atsamunda, ndipo wowatchula choncho akungosokoneza anthu. Adalowa pakhomo, motsata malamulo a dziko loima palokha, ndipo osaina kumbali ya Malawi adali nduna za boma losankhidwa ndi anthu. Dziko likufuna ndalama zakunja, achinyamata akufuna ntchito. Funso ndi lakale lija basi: mwa anthu omwe minda, madambo ndi manda awo zili pafupi ndi malowa, ndi angati adamva zomwe zalembedwa m'mapepalawo m'chinenero chomwe amalota nacho? Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mutu ayenera kudziwa pomwe kalumoko kakuyambira ndi pomwe kakathere.

Ndipo si alendo akunja okha. Masiku ano wogula dambo lonse la mpunga ndi botolo la mowa ndi envulopu kwa nyakwawa nthawi zambiri amakhala Mmalawi mnzawo wa m'tauni, wofika Loweruka pagalimoto yamagalasi akuda. Kamtanda ka mfumu ka m'ma 1880 kasanduka chidindo cha inki, koma kagwiridwe ntchito kake n'komweko.

Kusiyana kwake n'koti lero malamulo alipo oti anthu n'kuwagwiritsa ntchito. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, lidakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, momwe gulupu amakhala wapampando koma sagamula yekha, ndipo amayi ali ndi mipando yawo. Phalombe lidali limodzi mwa maboma oyamba kuyeserera kalembera wa malo otere. Izi n'zofunika kwambiri m'dera lachikamwini ngati ili, komwe munda umayenda ndi mbumba kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Pepala lolembedwa m'dzina la mkamwini kapena la mwinimbumba yekha likhoza kulanda alongo ake zomwe mwambo udawasungira zaka mazanamazana.

Za ku Hawaii za 1848 zikuchenjeza mbali ziwiri. Omwe sadalembetse malo adaluza chifukwa chosowa pepala. Ambiri mwa omwe adalembetsa adadzaluzanso, chifukwa munda wokhala ndi pepala sumavuta kugulitsa chaka cha njala kapena cha ngongole. Kudera lomwe namondwe wa Freddy adakokolola midzi mu March 2023, komwe nyanja ikaphwa ndalama ya matemba imaphwa nayo, wogula sasowa tsiku lopeza banja litapanikizika. Choncho kulembetsa n'kofunika, koma mbumba ikhale pansi kaye n'kugwirizana maina olowa papepalapo, komanso amene ayenera kuvomereza munda usadagulitsidwe.

Palinso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Makomiti a chitukuko, mipingo, mizikiti ndi magulu a asodzi ali ndi ufulu wolemba kalata kwa bwanamkubwa kapena kuunduna wa za migodi kupempha kuona zomwe zidagwirizanidwa: malo ndi aakulu bwanji, osamutsidwa adzalandira chipukutamisozi chotani ndipo adzapita kuti, madzi otsukira miyala adzatayidwa kuti poti mitsinje ya m'derali imathera m'nyanja yopanda potulukira, ndipo gawo la anthu ozungulira mgodi ndi liti. Kufunsa zimenezi si kudana ndi chitukuko. Safunsa adadya phula.

Khonsolo ya Phalombe, pamodzi ndi za Zomba ndi Machinga zomwe zimagawana nyanjayi, siziyenera kudikira kalata zoterozo. Zimasulire mapanganowo m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chiyao, ziwapachike pamaofesi a ma T/A, ndipo ziwawerenge pachinkuzamawu tsiku la msika pa Migowi, pa Chiringa ndi pamadoko a asodzi, aphungu ndi makhansala a maderawo ali pomwepo kuti ayankhe mafunso.